Boss RC-505 yapakaunjika: bandi yonse m'kamwa mwa munthu mmodzi, bola magetsi asathime

Boss RC-505 ndi bokosi lapulasitiki lakuda, lotalika masentimita 42, lolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Ntchito yake ndi kujambula mawu anu n'kumawabwereza osalekeza, inu muli kalikiliki kusanjikiza ena pamwamba pake. Oyimba amangoti looper. Idatuluka mu 2013, ndipo mng'ono wake, RC-505mkII, atabwera mu 2021, yakaleyi idatsika mtengo m'manja mwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito. Kuno ku Lilongwe njira yoipezera ndi yomwe ija: kutuma wachibale wochokera ku Joni kapena ku UK, kapena kugula kwa woyimba mnzanu amene yamukwana. Ndemanga ino ikunena za yakaleyo, ndipo chigamulo chake nachi msangamsanga: kwa woyimba wofuna kusewera ndi mawu ake m'njira zachilendo, makinawa ndi ogulika, koma ndalama musathere pa bokosi lokhali. Theka la mavuto ake lili pa magetsi ndi pa masipika, osati m'kati mwake.

Tiyambe ndi mtundu wa kayimbidwe kamene tikunena, chifukwa wofuna kungoika makorasi kumbuyo kwa nyimbo yauzimu kompyuta imukwanira. Chitsanzo chabwino ndi Xiao He wa ku China, dzina lake lenileni He Guofeng, wobadwa mu 1975 ku Handan m'chigawo cha Hebei. Adadziwika ku Beijing ngati mtsogoleri wa bandi ya Glorious Pharmacy, imodzi mwa mabandi apansipansi amene sankamveka pa wayilesi za boma, ongoyimba m'timabala ta anthu makumi angapo. Ankayimba ku River Bar ku Sanlitun, malo amene adatsegulidwa mu 2001 n'kutsekedwa mu 2003, kenako ku kalabu ya D-22 ku Wudaokou, yomwe idakhalapo kuyambira 2006 mpaka kumayambiriro kwa 2012. Mbadwo wa oyimba umenewu udakulira pa matepi ndi ma CD otchedwa dakou: zimbale zosagulidwa za ku Ulaya ndi ku America zimene makampani ankazicheka m'mbali n'kuzitumiza ku China ngati zinyalala zapulasitiki, anthu n'kumazitola ndi kuzigulitsa m'misika. Kaunjika wa nyimbo, tinene choncho. Bandi itayamba kuoneka patalipatali, Xiao He adayamba kuima yekha ndi gitala, laputopu ndi zobwerezera mawu, akusintha liwu kuchoka pa kunong'ona kufika pa kukuwa, akutsanzira kayimbidwe ka zisudzo zakale za kwawo, akupeka mawu opanda tanthauzo pomwepo. Mu 2009 kampani ya Maybe Mars idatulutsa chimbale chake chayekha, ndipo chaka chomwecho adakayimba ku America pamodzi ndi mabandi a Carsick Cars ndi P.K.14. Kuyambira 2018 adatembenukira ku ntchito yofunafuna nkhalamba zokumbukira nyimbo zakale za ana, kuti zisapite nazo kumanda.

RC-505 idabwera D-22 itatsekedwa kale, choncho si makina a nthawi imeneyo. Koma ntchito imene anthu aja ankaigwira ndi zipangizo zambirimbiri zolumikizalumikiza, bokosi ili laiika pa tebulo limodzi. Funso n'lakuti limaigwira bwanji, makamaka kuno kwathu.

Pamwamba pake pali ma track asanu, kutanthauza malo asanu ojambuliramo mawu payekhapayekha. Iliyonse ili ndi batani lalikulu lozungulira, kabatani koimitsira, ndi fader yokwezera kapena kutsitsira mawu. Batani lalikulu lija likafiira ndiye kuti likujambula, likakhala lachikasu mukusanjikiza, likabiriwira likungoseweretsa. Kumbuyo kuli polowetsa maiki pamodzi pa XLR (pulagi ya mano atatu), polowetsa zoyimbira pawiri pa jeki yaikulu (INST), AUX ya foni, potulutsira mawu pawiri, pa mahedifoni, MIDI, USB, ndi polumikizira chopondera (CTL). Ubwino wake waukulu ndi ma fader asanuwo. Ma looper ambiri a pansi opondaponda amakupatsani track imodzi kapena awiri, ndipo zimene mwasanjikiza zakanirira pamenepo ngati nsima yapsereza. Pano mukhoza kuzimitsa mawu apansi pakati pa nyimbo, kusiya kupuma kokha kukumveka, kenako n'kubweza zonse ndi chala chimodzi. Woyimba wopeka pomwepo amafuna ufulu umenewu kuposa china chilichonse.

Musanajambule kanthu, sinthani zinthu zitatu, apo ayi makinawa akukwiyitsani tsiku loyamba lomwelo.

Choyamba ndi Rec Action. Mmene imachokera ku fakitale, mukadina batani kachiwiri kuti mutseke loop, chidutswa cha mawu chobwerezabwerezacho, simapita ku kuseweretsa koma ku kusanjikiza. Ndiye mwatseka loop yanu bwinobwino, mwatsokomola, mwauza mnzanu kuti akweze sipika, zonsezo zalowa ndipo zizibwerera masekondi anayi alionse. Isintheni ikhale yojambula kenako kuseweretsa. Mudzabwerera ku njira yakaleyo mukadzafuna kuti mchira wa reverb, kumveka kwa mawu ngati muli m'holo yaikulu, uzilowa kumayambiriro kwa loop osaduka, koma zimenezo n'zamtsogolo.

Chachiwiri ndi chachitatu zimayendera limodzi: Measure ndi Loop Sync, zomwe zili m'kati mwa EDIT ya track iliyonse. Makinawa adapangidwa ndi mtima wa nyimbo zovina za m'makalabu. Mukajambula track yoyamba, amayerekeza okha liwiro lake, ndipo ma track otsalawo amawakakamiza kutsata utali womwewo. Kwa wa beatbox zimenezi ndi dalitso. Kwa wofuna zachilendo ndi ndende. Ikani Measure pa FREE, zimitsani Loop Sync, ndipo track iliyonse iyenda ulendo wake. Yesani izi: pa track yoyamba jambulani kugunda kwa pakhosi kwa masekondi atatu, pa yachiwiri mzere wa nyimbo wa masekondi anayi. Ziwirizi zizikumana pa chiyambi masekondi 12 alionse, ndipo pakati ponsepo zikusemphana mosiyanasiyana. Mukatenga masekondi asanu ndi asanu ndi awiri, zikumana pakapita masekondi 35. Khutu la Mmalawi silidabwa nazo zimenezi. Amayi awiri pamtondo, uyu akukweza munsi uyo akutsitsa, nyimbo ikuyenda pamwamba, ndi nzeru yomweyo. Ng'oma za gule, mbalule ikulankhula zake pamwamba pa zinzake zosasintha, ndi nzeru yomweyonso. Kusiyana kwake n'kwakuti dzanja la munthu silingadine ndendende pa sekondi yachitatu, ndiye ma loop aja amatsetsereka pang'onopang'ono, ndipo pakapita mphindi ziwiri mukumva chinthu chimene simudachikonze. Ena amati ndi vuto. Kwa kayimbidwe aka ndiye pali nyama pamenepo.

Ng'oma zake za m'kati musazidalire. Zilipo zambiri, koma zimamveka ngati kiyibodi yotsika mtengo ya pa ukwati, ndipo palibe imene ingakupatseni chimtali kapena manganje. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi: mukhoza kuziletsa kupita ku masipika n'kuzisiya m'mahedifoni mokha, zikhale zokuwerengerani nthawi. Zimathandiza mukafuna loop yolondola. Pa liwiro la zigundo 100 pa mphindi, bala imodzi ya zigundo zinayi imatenga masekondi 2.4, ndipo mukachedwa kudina ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, aliyense m'holo amva loop ikupunthwa ulendo uliwonse. Chinsinsi chake ndi kudina pa chigundo choyamba cha bala yotsatira, osati kumapeto kwa mawu anu omaliza. Ongoyamba kumene pafupifupi onse amadina msanga chifukwa mpweya wawathera.

Zokometsera mawu zili pawiri. Za kumanzere, Input FX, zimalowa m'chojambulidwacho ndipo sizichokanso. Za kumanja, Track FX, zimangovala pamwamba pa zimene zikuseweredwa, mukhoza kuzivula. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika kwambiri. Mukajambula ndi reverb yambiri kumanzere pa ma track onse asanu, pofika yachisanu nyimbo yasanduka phala. Jambulani mouma, reverb muike kumapeto. Zimene zimagwiradi ntchito pa liwu la munthu ndi Transpose ndi Octave zotsitsira mawu kuti mupeze besi, Ring Modulator yosandutsa liwu kukhala ngati chitsulo, Vocal Dist, Granular Delay, ndi kumanja Beat Repeat ndi Vinyl Flick. Reverse, yoseweretsa track chobwerera m'mbuyo, imachita zodabwitsa ndi Chichewa: popeza mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, akatembenuzidwa amayamba ndi kukoka mpweya n'kuthera pa kudula, ngati chilankhulo cha dziko lina. Robot ndi Vocoder n'zoseweretsa ana, zimatopetsa pakangopita mphindi. Zotsitsa mawuzo zili ndi khalidwe lake: zimafuna liwu limodzi loyera. Mukaziyimbira mokokera kapena phokoso la m'holo likalowa m'maiki, zimanjenjemera posowa noti yoti zigwire.

Undo ilipo koma ya sitepe imodzi yokha pa track iliyonse, yochotsa zimene mwangosanjikiza kumene. Mukalakwitsa kawiri musanazindikire, cholakwika choyambacho chakhazikika. N'chifukwa chake ndi bwino track yachisanu kuisiya ngati dimba loyeserapo: zoopsa zonse muzichitira pamenepo, zikakanika gwirani kabatani koimitsira masekondi awiri, yafufutika.

Tsopano za phokoso, pamene ambiri amagwera n'kumanamizira makina. Looper imabwereza chilichonse chimene maiki yamva, osati liwu lanu lokha. Kaphokoso ka "sss" kamene simukamva pa kujambula kamodzi kamakwera ndi ma decibel atatu nthawi iliyonse mukawirikiza kawiri chiwerengero cha zosanjikiza. Zosanjikiza zisanu ndi zitatu, kakwera ndi ma decibel asanu ndi anayi, ndipo tsopano kakumveka mpaka kumbuyo. Onjezani jenereta ya oyandikana nawo, galu, minibasi ikuitanira ku Area 25, zonsezo zimalowa kasanu ndi katatu. Mankhwala ake ndi kuyimbira pafupi, milomo itatsala pang'ono kukhudza maiki, n'kutsitsa kabatani kozungulira ka MIC mpaka nyali ya PEAK izingophethira pamene mwakuwa kwambiri. Woyimba wochoka pa kunong'ona kufika pa kukuwa ayeze ndi kukuwako, osati ndi kunong'ona. Mawu akasweka polowa, asweka mpaka kalekale, fader singawakonze.

Choopsa kuposa pamenepo ndi sipika yoyang'ana kwa inu. Track yoyamba ikutuluka m'sipika, maiki ikuimva pamene mukujambula yachiwiri, ndiye yachiwiriyo yanyamula mthunzi wa yoyamba. Yachitatu yanyamula mithunzi iwiri. Mukadzatsitsa fader yoyamba kuti izime, mupeza ikumvekabe chapansipansi m'ma track enawo, ndipo ufulu uja tinkautama watha. Zikapitirira, masipika amayamba kulira tswiii, kulirako n'kujambulidwanso. Njira yabwino ndi mahedifoni otseka makutu, sipika ya pansi ija n'kuizimitsa. Ngati simungathe, iikeni kumbuyo kwenikweni kwa maiki, kumene kuli mchira wa chingwe, chifukwa maiki ya mtundu wa cardioid, yomva za kutsogolo kwake, ndi yogontha mbali imeneyo. Ndipo chizolowezi chofumbata mutu wa maiki ngati oyimba hip hop chisiyeni: mukatseka timabowo ta kumbuyo kwa mutuwo, maiki imayamba kumva mbali zonse, ndipo kulira kumabwera pompo. Alipo oyimba, ngati Yan Jun wa ku Beijing komweko, amene kulira kwa masipikaku adakusandutsa choyimbira chawo. Koma iwo amakuweta dala, sikuwagwera ngati ngozi.

Maiki yoyenera ndi ya dynamic, mtundu wosafuna magetsi. Shure SM58 ndi imene aliyense amaidziwa, ilipo kuyambira 1966, ndipo imapirira kugwa. Vuto ndi lakuti zabodza zake zachuluka dziko lonse lapansi, ndipo maonekedwe akunja sasiyana kwenikweni. Yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 300. Pitani nayo pa sikelo ya digito, ngati ija ya ogulitsa zokometsera ndiwo. Ikapepuka kwambiri, ibwezeni. Yabodza imamva kugwiragwira kwa dzanja, ndipo pa looper kugwiragwirako kumasanduka ng'oma yosaitanidwa. Kumbuyo kwa RC-505 kuli kaswitchi ka phantom kotumiza 48V ku maiki za condenser, zomva kwambiri zija za m'situdiyo. Pa maiki ya dynamic kazimitseni, ndipo musakayatse mawu ali okweza, kamaphulitsa "phu" m'masipika. Condenser ndi yabwino m'chipinda chotseka, koma pa siteji imatola zonse zimene tangonena zija. Chingwe chikhale XLR mbali zonse ziwiri. Zingwe zija za XLR mbali imodzi jeki mbali inayo, zobwera ndi maiki za karaoke, zikalowa pa INST mawu amachepa ndipo mukawakweza mukukweza ndi phokoso lomwe.

Pa INST pomwepo pali mwayi wotsika mtengo kwa okonda zoyesayesa. Tengani kambale ka piezo ka mamilimita 27, kamene kamapezeka m'zoliralira za ma alamu akale, kawotchereni ku chingwe cha gitala, waya wapakati ku mbali yoyera, waya wakunja ku mkuwa wa m'mphepete, n'kumata ndi guluu wotentha kuti pasathothoke. Kameneka kamamva kunjenjemera kwa chinthu, osati mpweya. Kamatireni pakhosi ndi pulasitala, mumva kumeza ndi kung'ung'udza. Kamatireni pa mtondo, pa chidebe, pa lata, pa thupi la babatoni ngati ija amayimbira a Madalitso Band, mwapeza ng'oma yosalira ndi masipika msanga. Dziwani kuti piezo ikalowa molunjika imamveka yopyapyala, mawu apansi amasowa, chifukwa imafuna polowera posafooketsa mphamvu yake yochepayo, pamene akatswiri amati pa impedance yokwera, megaohm imodzi kapena kupitirira. Kadutseni kaye mu pedulo iliyonse ya gitala ya Boss, ngakhale chokometsera chake chili chozimitsa bola ili ndi magetsi, chifukwa imakhala ndi buffer, kachipangizo kolimbitsa mawu, m'kati. Mawu amanenepa pomwepo.

Tafika pa bala lenileni. RC-505 ilibe malo a mabatire. Imadya magetsi a 9V kudzera pa adaputala, ndipo zonse zimene mwajambula zimakhala m'malere mpaka mutadina WRITE n'kusunga. Magetsi akangophethira, ngakhale theka la sekondi pamene akusintha kupita ku jenereta, ma track asanu onse apita, ndipo mwatsala chiimire pamaso pa anthu ndi maiki yozima. Woyimba gitala akhoza kupitiriza chamanja. Wa looper alibe pothawira. Choncho kuno makinawa asamadye magetsi a pakhoma mwachindunji pa nthawi ya zoimbaimba.

Mwayi wake ndi wakuti sadya zambiri: pafupifupi 420mA pa 9V, omwe ndi mawati anayi osakwana. Ka UPS, kabatire kosungira magetsi kaja anthu amagulira rauta ya WiFi, kokhala ndi potulukira 9V, kamakwanitsa. Power bank ya 10,000mAh imasunga pafupifupi 37Wh, ndipo mukachotsapo zotayika pokweza 5V kufika 9V mutsala ndi maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Koma apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene makina ambiri amafera. Pulagi ya Boss ili ndi minus pakati, plus kunja. Ma UPS a rauta ndi zingwe zokwezera magetsi za USB pafupifupi zonse zili ndi plus pakati. Kukula kwa pulagi n'kofanana, mamilimita 5.5 kunja ndi 2.1 m'kati, ndiye imalowa bwinobwino ngati kwawo. Mukalowetsa chotembenuza chotero mukhoza kuwotcha makina. Pamafunika kachingwe kotembenuza, kapena wokonza mawayilesi adule chingwe n'kusinthanitsa mawaya awiriwo, kenako ayeze ndi mita inu mukuona: waya wofiira wa mita kunja kwa pulagi, wakuda m'kati, iwerenge 9 wopanda minus kutsogolo. Chingwe chimenecho chikulungeni tepi yofiira kuti wina asadzachitengere ku rauta. Zokwezera magetsi zina zotsika mtengo zimalowetsa kaphokoso koonda ngati udzudzu. Yesani ndi mahedifoni musanapite nazo pa siteji, ndipo musatchaje foni pa power bank yomweyo nthawi imodzi.

Adaputala yobwera ndi makina muiwerenge kumsana. Magetsi athu ndi a 230V. Ngati makinawo adachokera ku America ndipo adaputala yalembedwa 120V yokha, musaiyese n'komwe, ipsa. Ikalembedwa 100 mpaka 240V, mukungofunika chosinthira mano kuti ilowe m'soketi zathu za mabowo atatu. Ina iliyonse yolowa m'malo ikhale ya 9V, yosachepera 500mA, minus pakati. Ndipo ka fridge guard musakaike pamzere wa siteji poganiza kuti mukuteteza: kamadula magetsi akangogwedezeka, n'kudikira mphindi zingapo kasanayatsenso. Firiji imapirira zimenezo, omvera ayi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, zulani zonse pakhoma mukamaliza, chifukwa cha ziphaliwali.

Malo osungira alipo 99, koma nthawi yojambulira yonse pamodzi ndi pafupifupi maola atatu, ndipo track iliyonse imadya yake. Nyimbo ya ma track asanu a masekondi 30 yadya mphindi ziwiri ndi theka. Mukachita chimodzimodzi pa malo onse 99 mufunika mphindi zoposa 240, pamene muli nazo 180. Ndiye nthawi yojambulira idzatha manambala asanathe. Lumikizani USB ku kompyuta, koperani foda yonse yotchedwa ROLAND, osati zidutswa zake, chifukwa zosintha zanu zili mufoda ina, mawu ali mu ina. Mafayilo ndi a WAV, 44.1kHz, 16-bit, stereo, pafupifupi 10MB pa mphindi. Mukafuna kulowetsa mawu anuanu, monga agogo akuyimba nyimbo ya m'nthano imene mudajambula pa foni kumudzi, asandutseni kaye akhale a mtundu womwewo ndi pulogalamu yaulere ya Audacity. MP3 kapena mawu a pa WhatsApp sawerenga. Njira yachidule ndi kungolumikiza foni pa AUX n'kujambula molunjika, foni ili pa flight mode kuti wina asakuimbireni pakati pa loop. Ndipo agogowo muwapemphe kaye musanapite ndi liwu lawo pagulu.

Thupi lake lapulasitiki silikonda moyo wa pa kabaza. Chikwama cha laputopu chachikulu chokhala ndi siponji chimakwana, koma mbali ya ma fader iyang'ane m'mwamba ndipo pasakhale chopsinja. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala ndi mdani wa ma fader amenewa: timipata take n'totseguka, fumbi likalowa mawu amayamba kukhwekhwereza mukamakankha. Vindikirani ndi chitenje mukamaliza, pukutani ndi burashi youma. Zikayamba kukhwekhwereza, funani mankhwala opopera opangidwira ma fader. Mafuta opopera omasulira mabawuti musayerekeze, amasungunula girisi wa m'kati n'kuitana fumbi lina.

Mukafika pa holo kapena pa bala, kambiranani ndi wa pa mikisa musanayambe. Potulukira mawu pa RC-505 si pa balanced, mtundu wopirira zingwe zazitali, choncho chingwe chikapitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi chimayamba kutola kung'ung'udza kwa magetsi. Pemphani DI box, kabokosi kothandiza mawu kuyenda pa chingwe chachitali popanda phokoso, awiri ngati mukufuna stereo. Chingwe chikakhala chimodzi, chilowe pa L/MONO, ndipo zonse zimene mudagawa kumanja ndi kumanzere zidzaunjikana pakati, ndiye yeseranitu kunyumba mmene zimvekere. Maiki yanu ipite ku looper, isapite ku mikisa. Ndiyeno nkhani ya eko. Akatswiri athu ambiri a pa mikisa dzanja lawo limathamangira ku eko akangoona maiki, chifukwa adazolowera maukwati ndi misonkhano ya chitsitsimutso. Apempheni mwaulemu kuti, "Achimwene, pa tchanelo changachi musaikepo kalikonse, zonse ndikuchitira konkuno." Eko pamwamba pa ma loop asanu ndi chisokonezo chosaneneka.

Chinthu chimodzi chimene makinawa sangakuchitireni: manja onse awiri amakhala otanganidwa. Adapangidwira pa tebulo, ndiye woyimba ndi gitala, ngati mmene ankachitira Xiao He, afunika chopondera cha FS-5U kapena FS-6 cholumikiza pa CTL, n'kuchiuza kuti chizijambula pa track imene yasankhidwa. Popanda chimenecho loop iliyonse ya gitala izikhala ndi kampata pamene dzanja likuchoka pa nsambo kupita pa batani. Palinso msampha wa maonekedwe. Munthu woweramira bokosi mphindi 40 akudinadina saoneka ngati akuyimba, amaoneka ngati akutumiza ndalama pa foni. Kwezani tebulo lifike m'chiuno, maiki ikhale pa sitandi, ndipo musamange nyimbo iliyonse kuchokera pa track yoyamba kukafika yachisanu motsatana, chifukwa pofika nyimbo yachitatu omvera aloweza njira yanu ndipo ayamba kucheza. Yambani ina ndi ma track atatu osungidwa kale. Ina muiyimbe theka lonse popanda loop.

Nanga mkII? Ili ndi polowetsa maiki pawiri, zokometsera zinayi nthawi imodzi mbali iliyonse, ma fader aatali, mawu a 32-bit osasweka msanga mukasanjikiza zambiri, ndi potulutsira pambiri. Yatsopano imapitirira madola 500 musanawerengere zonyamulira ndi msonkho wa pa chipata, ndipo imadya magetsi ochulukirapo, choncho ka UPS kaja muyenera kukayezanso. Kwa awiri oyimba limodzi ndi yabwino. Kwa munthu mmodzi wongoyamba, ndalama yapakatiyo ikagule maiki yeniyeni, mahedifoni otseka, DI box ndi batire.

Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, musalipire musanaiyatse, ngakhale wogulitsayo ndi mlamu wanu. Pitani ndi maiki, chingwe ndi mahedifoni anu. Jambulani pa track iliyonse mwa asanuwo, mukudina batani pakati komanso m'mphepete, chifukwa mabatani a track yoyamba ndi yachiwiri ndi amene amatopa msanga. Kankhani fader iliyonse pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba mukumvetsera kukhwekhwereza kapena malo amene mawu amadumpha. Gwedezani pulagi ya magetsi pamene yalowera: sikirini ikaphethira, soketi yake yathothoka m'kati, ndipo ngakhale imawotchereka, mtengo utsike. Tembenuzani kabatani ka MIC ndi ka OUTPUT mbali zonse. Sungani loop pa nambala 99, zimitsani, yatsaninso, muone ngati ilipo. Lumikizani USB ku laputopu muone ngati foda ya ROLAND ikutseguka. Pomaliza nunkhizani pa soketi ya magetsi ija. Fungo la pulasitiki yopsa likutanthauza kuti wina adalowetsapo kale adaputala ya rauta.